Botolo la Asidi ndi Zida za Mushopu: Phunziro la Kasungidwe

Sukulu ikagula masowo, matupa, mapulayazi ndi zida zoyezera zitsulo, maganizo a aliyense amathamangira kwa wakuba. Timagula maloko, timaika zitsulo m'mawindo, timalemba katundu yense m'kaundula. Koma zida zina zimatha zili mokhoma momwemo, popanda wozigwira. Zimadyedwa ndi dzimbiri, ndipo nthawi zina gwero la dzimbirilo ndi botolo limodzi la asidi limene lili pakona, lotsekedwa, losatayika ngakhale dontho.

Ife amene tikuphunzira za uphunzitsi tsiku lina tidzapatsidwa makiyi a labotale, a shopu ya ntchito zamanja kapena a chipinda chosungiramo katundu. Enanso a ife ndi amisiri, ena amasunga katundu wa tchalitchi kapena wa pakhomo. Phunziro ili ndi la tonsefe. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: asidi amafika pa zida kudzera mumpweya, choncho kusunga bwino asidi ndiko kuonetsetsa kuti iye ndi zida zachitsulo sakugona m'chipinda chimodzi.

Kuzokota ndi asidi n'chiyani?

Kuzokota ndi asidi ndi luso lojambula kapena kulemba pachitsulo popanda kusema. Mmisiri amapaka chitsulo phula, penti kapena inki yosasungunuka, n'kusiya poyera malo okhawo amene akufuna kuti adyeke. Kenaka amaviika chitsulocho m'mankhwala. Mankhwalawo amadya malo osaphimbidwa, ndipo chophimba chija chikachotsedwa, chithunzi kapena malembo amatsala.

Lusoli ndi lakale. Cha m'ma 1500, Daniel Hopfer wa ku Augsburg, ku Germany, amene ankadziwa kukongoletsa zovala zachitsulo za asilikali, anayamba kuzokota zithunzi pazitsulo zophwatalala n'kumazidinda papepala. M'zaka za m'ma 1600, Rembrandt wa ku Netherlands anatchuka ndi zithunzi zozokotedwa pamkuwa. Mu 1936, Paul Eisler, wochokera ku Austria koma akukhala ku England, anayamba kupanga timatabwa tamagetsi tokhala ndi tinjira tamkuwa m'malo mwa mawaya. Timatabwa totere ndi timene timaona tikatsekula wailesi kapena foni, ndipo ophunzira zamagetsi amatipanga pozokota mkuwa.

Asidi yemweyo timakumana nayenso pa ntchito zina. Amisiri opanga zidebe ndi ndowa zamalata amamugwiritsa ntchito poyeretsa malata asanalumikize. Omanga amatsukira naye simenti yomatirira pamatayilosi ndi panjerwa. Okonza galimoto amakhala ndi asidi wa m'mabatire. Choncho botolo limene tikunenali likhoza kupezeka m'shopu, m'galaja kapena m'chipinda chosungiramo makasu ndi mawilibala.

Mankhwala asanu ndi khalidwe la aliyense

Safunsa anadya phula. Tisanasunge mankhwala, tiyenera kudziwa khalidwe lake, chifukwa asidi onse sachita zofanana.

Woyamba ndi asidi wa hydrochloric, amene m'masitolo a zomangira amalembedwa kuti spirits of salts kapena muriatic acid. Ameneyu ndiye mdani wamkulu wa zida. Kwenikweni ndi mpweya wa hydrogen chloride umene unasungunulidwa m'madzi. Wamphamvu wa m'labotale amafika pafupifupi 37 peresenti, ndipo wa m'sitolo amakhala wocheperako. Popeza ndi mpweya wogwidwa m'madzi, nthawi zonse amafuna kuthawa. Tikatsekula botolo timaona kautsi koyera kotsamwitsa. Tikatseka, nthunziyo imapezabe njira m'mizere ya chitsekero, pang'onopang'ono, usana ndi usiku.

Wachiwiri ndi ferric chloride, madzi ofiirira amene amazokotera mkuwa wa timatabwa tamagetsi. Dzina lake silitchula asidi, chifukwa ndi mchere wa chitsulo, koma akasungunulidwa m'madzi amachita ngati asidi. Satulutsa nthunzi yambiri monga woyamba uja, koma akatenthetsedwa kapena akasiyidwa m'mbale yosavindikira amatulutsa. Dontho lake limadya chitsulo, mkuwa ndi aluminiyamu, ndipo banga lake pachovala silichoka msanga.

Wachitatu ndi asidi wa nitric, amene ojambula amazokotera zinki ndi mkuwa. Kuwonjezera pa kudya zitsulo, iyeyu amayatsa zinthu. Wamphamvu akakhudzana ndi utuchi, nsanza kapena mapepala, moto ukhoza kubuka. Kuwala kwa dzuwa kumamuphwanya n'kumusandutsa wachikasu, n'chifukwa chake amabwera m'botolo loderapo. Akamadya chitsulo amatulutsa utsi wofiirira umene umawononga mapapo.

Wachinayi ndi asidi wa sulphuric, wa m'mabatire agalimoto. Satulutsa nthunzi yambiri akangokhala m'botolo, koma amatentha khungu, amaboola zovala, ndipo wamphamvu amakoka madzi a mumpweya. Batire likamatchajidwa limalavula timadontho ta asidi pamodzi ndi mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Malo otchajira mabatire nawonso asakhale pafupi ndi zida.

Wachisanu ndi asidi wa hydrofluoric, wozokotera galasi. Amadya galasi lenilenilo, choncho amasungidwa m'pulasitiki mokha. Amalowa pakhungu mpaka kukafika ku mafupa, nthawi zina munthu asanamve ululu, ndipo akhoza kupha. Alibe malo m'shopu ya ophunzira. Tikampeza pasukulu, tisamukhudze, tidziwitse akuluakulu.

Momwe nthunzi imadyera chitsulo

Tinaphunzira ku sekondale kuti chitsulo chimachita dzimbiri pakakhala zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Madziwo sachita kuoneka. Chida chilichonse chimene chili m'chipinda chimakhala ndi chinyezi chopyapyala kwambiri pamwamba pake, makamaka mbandakucha chitsulo chikazizira. Mumpweya wouma dzimbiri limachedwa. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 60 peresenti, limayamba kufulumira.

Nthunzi ya hydrogen chloride imakonda madzi kwambiri. Ikatuluka m'botolo imayenda ndi mpweya wa m'chipindamo, ndipo ikafika pa sowo imasungunuka m'chinyezi chopyapyala chija. Pamenepo chinyezicho chasanduka asidi. Asidiyo amadya chitsulo n'kupanga mchere wa chitsulo wokhala ndi chloride. Mcherewo umakoka madzi a mumpweya, monga momwe mchere wathu wa m'khitchini umanyowera nthawi ya dzinja. Choncho pamalopo sipauma, ngakhale tsiku limene kunja kuli kouma.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Okosijeni akafika pa mchere wonyowawo, amausandutsa dzimbiri, ndipo chloride uja amamasuka n'kuyambanso kudya chitsulo chimene chili pansi pake. Chloride satha pa ntchitoyi. Amangozungulira, kudya, kumasuka, kudyanso. N'chifukwa chake kanthunzi kochepa kamawononga zida zambiri, ndiponso n'chifukwa chake chida chimene tachipala ndi sandipepala chimachitanso dzimbiri patangopita masiku ochepa. Chloride anatsalira m'timaenje.

Ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri, chimene amapangira masinki ndi masupuni, sichipulumuka. Chitsulo chimenechi chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, ndipo chromium ameneyu amapanga kachikopa kosaoneka koteteza pamwamba. Chloride amaboola kachikopako n'kusiya timabowo ngati tolasidwa ndi singano.

Nyengo yathu imathandizira vutoli. Mu October, chipinda cha denga lamalata chopanda siling'i chimatentha kwambiri masana. Kutentha kumachulukitsa nthunzi m'botolo, ndipo nthunziyo imakankha chitsekero. Kuyambira November mpaka April mvula imabweretsa chinyezi. Tchuthi cha Khirisimasi chimagwa m'nyengo yomweyo, shopu itatsekedwa mawindo ndi zitseko. Potsegulira sukulu, mphunzitsi amapeza zida zonse zafiira, n'kumaloza chala mvula.

Zida zimene zimavutika kwambiri ndi zodula mtengo. Hamala ikachita dzimbiri imakhomabe msomali. Koma micrometer imayeza mpaka 0.01 mm, ndipo mizere yake ikadyeka, muyeso wake sungadalirikenso. Tupa likadyeka mano silipala. Mpeni wa pulena ukachita timaenje m'mphepete, kunola kokha sikukwanira mpaka tigaye mbali yonse yodyekayo. Nthunzi yomweyo imadyanso mkuwa wa m'maswitchi, m'mamotala ndi m'zokuzira mawu.

Malamulo asanu ndi atatu a kasungidwe

1. Asidi asungidwe m'chipinda china, osati m'chipinda cha zida. Kabati yotsekedwa yokhala m'shopu momwemo siikwanira, chifukwa mpweya wa m'kabatimo umatuluka nthawi iliyonse tikatsekula. Ngati palibe chipinda chapadera, kanyumba kakang'ono kanjerwa kunja, kamthunzi, kokhoma, kosalowa mvula, n'kabwino kuposa kona ya m'shopu.

2. Malowo azipita mphepo. Pakhale njerwa zamabowo kapena kawindo kotulukira kunja, osati kotulukira m'kalasi kapena m'shopu.

3. Kabati kapena mashelufu akhale apulasitiki kapena amatabwa opakidwa penti yokwanira. Kabati yachitsulo ya mu ofesi imadyeka, kuyambira ndi mahinji ndi misomali yogwira shelufu, ndipo tsiku lina shelufuyo imagwa pamodzi ndi mabotolo. Ngakhale pa kabati yamatabwa, tizionetsetsa mahinji ndi loko.

4. Asidi akhale m'botolo limene anabwera nalo. Tikakakamizika kusintha, hydrochloric ndi ferric chloride amasungika m'galasi kapena m'pulasitiki yolimba ya HDPE, imene pansi pake pamakhala nambala 2 m'kati mwa timivi titatu. Nitric wamphamvu akhale m'botolo lake lagalasi loderapo. Tisathire asidi m'botolo la madzi akumwa kapena la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Pulasitiki yake siipirira asidi wamphamvu, ndipo choopsa koposa, mwana akaliona amaganiza kuti ndi chakumwa.

5. Chitsekero chikhale chapulasitiki, chosang'aluka. Chitsekero chachitsulo chimadyeka. Chitsononkho, pepala kapena jumbo yomangidwa ndi mphira sizitseka nthunzi. Tikatha kuthira, tipukute kunja kwa botolo ndi nsanza yonyowa, tivale magolovesi, chifukwa dontho lotsalira pakhosi pa botolo limauluka lonse n'kulowa mumpweya.

6. Botolo lililonse likhale m'chotengera chachiwiri, beseni kapena ndowa yapulasitiki yokwana kulandira asidi yense ngati botolo litasweka. Kwa hydrochloric, ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi yabwino koposa. M'kati mwake tiikemo kakapu ka soda wophikira kapena laimu, kosavindikira, kuti kazimeza nthunzi yothawa. Tizisintha sodayo akauma gwa kapena akanyowa.

7. Mabotolo akhale m'munsi, osapitirira pachifuwa cha munthu, kutali ndi dzuwa ndi moto. Botolo lotsika kuchokera pamwamba pa mutu likapendekeka, asidi amagwera m'maso.

8. Botolo lililonse lilembedwe dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku limene linagulidwa kapena kusakanizidwa. Nthunzi imafafaniza malembo, choncho tiziphimba pepalalo ndi tepi yoonekera. Tizigulanso zochepa, zokwanira teremu imodzi. Chigubu cha malita asanu chogulidwa chifukwa chotsika mtengo chimakhala zaka chikudya zida.

Zosayenera kuyandikana

Kusonkhanitsa mankhwala onse m'kabati imodzi kumaoneka ngati ukhondo, koma ndi ngozi. Asidi akakumana ndi Jik kapena mankhwala a chlorine oyeretsera madzi, pamatuluka mpweya wa chlorine umene umapha. Ichi tichikumbukire makamaka m'zipinda zosungiramo zokolopera, momwe asidi wotsukira matayilosi amaikidwa pafupi ndi Jik. Asidi akakumana ndi caustic soda, pamatuluka kutentha kwakukulu ndipo madziwo amathovoka. Akakumana ndi zidutswa za aluminiyamu, zinki kapena chitsulo, pamatuluka mpweya wa hydrogen. Nitric asakhale pamodzi ndi petulo, palafini, thina, penti, utuchi kapena nsanza, ndipo akhale m'beseni lakelake, losiyana ndi la hydrochloric.

Pali mankhwala ena ozokotera amene safuna kutsekedwa kolimba akasakanizidwa. Madzi a sodium persulphate, komanso hydrochloric wosakaniza ndi hydrogen peroxide, amatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo botolo lotsekedwa kolimba likhoza kufufuma n'kuphulika. Amenewa tizisakaniza okwanira ntchito ya tsikulo basi.

Zonsezi sizoloweza pamtima pokha. Botolo la mankhwala odya zitsulo limakhala ndi chizindikiro cha ngodya zinayi cha mzere wofiira, chosonyeza madontho akugwera padzanja ndi pachitsulo. Wogulitsa mankhwala ayeneranso kukhala ndi chikalata chotchedwa Safety Data Sheet, cha zigawo 16. Gawo 4 limanena za chithandizo choyamba, gawo 7 za kagwiridwe ndi kasungidwe, gawo 10 za zinthu zosayenera kusakanizana nazo. Tizichipempha pogula, n'kuchimata pakhomo la chipindacho.

Tingadziwe bwanji kuti nthunzi ikutuluka?

Dzimbiri la asidi lili ndi maonekedwe ake. Limagwira zida zonse za mbali imodzi ya chipinda nthawi imodzi, ndipo limachuluka tikamayandikira pamene pali botolo. Limaoneka lonyowa, nthawi zina ndi timadontho tofiirira. Zida za m'bokosi lotseka zimakhala zabwino pamene zopachika pakhoma zafiira. Mahinji ndi maloko apafupi amalimba, mkuwa umabiriwira, malembo a pamabotolo amafufuma. Ngati pafupi pali ammonia, mabotolo amachita ufa woyera, umene ndi mchere wopangidwa ndi nthunzi ziwirizo zikakumana.

Tikhoza kuyesa mosavuta. Titenge misomali iwiri, tiipale ndi sandipepala mpaka iwale. Wina tiupachike pafupi ndi pamene pali asidi, wina m'chipinda chakutali. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri tiiyerekeze. Kapepala ka litmus kabuluu konyowetsedwa, kopachikidwa pafupi ndi chitsekero, kamafiira ngati nthunzi ikutuluka.

Kuyesa kumeneku kungasanduke phunziro la m'kalasi. Mphunzitsi aike msomali wopalidwa m'botolo lagalasi lalikulu, ndi wina m'botolo lachiwiri. M'botolo lachiwirilo aikemonso kachitsekero kapulasitiki kokhala ndi madontho awiri kapena atatu a hydrochloric wamphamvu, osakhudza msomali. Madonthowo athire mphunzitsi yekha, atavala magalasi ndi magolovesi. Onse awiri atsekedwe. Ophunzira azilemba zimene akuona tsiku ndi tsiku. Adzaona okha kuti asidi wadya msomali umene sanaukhudze, ndipo sadzafunikanso kukumbutsidwa chifukwa chake botolo limagona kunja.

Zida zimene zagwidwa kale

Choyamba ndi kuchotsa botolo m'chipindamo ndi kutsekula mawindo. Kupaka oyilo pamwamba pa dzimbiri la mtundu umenewu ndi kutsekera mbala m'nyumba, chifukwa chloride amapitiriza kudya pansi pa oyiloyo. Tiyambe ndi kupala dzimbiri ndi bulashi yawaya kapena sandipepala wosalala. Kenaka titsuke chidacho m'madzi osungunuliramo soda wophikira, titsukuluze ndi madzi oyera ambiri, tiumitse bwinobwino padzuwa, ndipo chikangouma tipake oyilo wa makina. Zida zoyezera sizipalidwa ndi sandipepala. Ziperekedwe kwa munthu wodziwa kuzimasula. Ena amachotsa dzimbiri poviika zida mu hydrochloric yemweyo. Chidacho chimawala tsiku limenelo, koma chimachita dzimbiri msanga kuposa kale.

Asidi akatayika kapena akagwera munthu

Madzi akatayika sawoleka, choncho zothandizira zizikhala pafupi ngozi isanachitike: ndowa ya madzi oyera, soda kapena laimu, mchenga wouma, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Asidi akatayika pansi, ophunzira atuluke, mawindo atsekulidwe, ndipo tizungulize mchenga kuti asayenderere. Kenaka tiwaze soda pang'onopang'ono kuyambira m'mbali mpaka thovu litasiya. Utuchi tisagwiritse ntchito.

Akagwera pakhungu kapena m'maso, titsuke ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, tivule chovala chimene chanyowa, kenaka munthuyo apite kuchipatala, makamaka ngati ndi diso. Pathupi tisapakepo soda, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Munthu akameza asidi tisamusanzitse, chifukwa asidiyo amatenthanso pobwerera. Achukuche m'kamwa ndi madzi, ndipo athamangire naye kuchipatala atatenga dzina la mankhwalawo. Posungunula asidi, nthawi zonse timathira asidi m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi.

Ferric chloride wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi mkuwa wosungunuka, umene umapha nsomba. Tisamuthire m'sinki, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Tithiremo soda kapena laimu pang'onopang'ono mpaka matope akhazikike pansi, tisunge matopewo m'chotengera cholembedwa, ndipo tifunse alangizi a zachilengedwe a kukhonsolo za katayidwe kake.

Udindo wa wosunga makiyi

Mu 1997 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loona za chitetezo, thanzi ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito. Koma lamulo silingasunthe botolo. Amalisuntha ndi munthu amene ali ndi kiyi. Tikadzalandira shopu kapena labotale, ntchito yathu ya sabata yoyamba idzakhale kuyendera mashelufu onse, kulemba mankhwala amene alipo, kupatula osalembedwa dzina, ndi kutulutsa asidi m'chipinda cha zida. Teremu iliyonse isanathe, tiziona zitsekero, kusintha soda wa m'ndowa ndi kupaka zida oyilo tisanatseke. Zonsezi zimafuna ndowa yapulasitiki, paketi ya soda ndi loko. Zida zikawonongeka, sukulu zambiri sizigulanso msanga, ndipo ophunzira a chaka chotsatira amaphunzira micrometer pachithunzi cha pabolodi.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani botolo la hydrochloric lotsekedwa limawonongabe zida, pamene la sulphuric silitero kwenikweni?

2. Fotokozani chifukwa chake chida chimene chagwidwa ndi nthunzi ya asidi chimachitanso dzimbiri chitapalidwa.

3. Pasukulu yopanda chipinda chapadera cha mankhwala, tingakonze bwanji malo osungira asidi ndi zinthu zopezeka mosavuta?

4. Yenderani chipinda chosungiramo katundu kwanu, kusukulu kapena kutchalitchi. Ndi zinthu ziti zimene zili pamodzi koma siziyenera kuyandikana, ndipo ndani ali ndi udindo wozisiyanitsa?